Buleki ikauma gwa pa galimoto ya dizilo ya 4x4: vuto limakhala pati?

M'magalaja momwe amakonza ma Hilux, ma Land Cruiser, ma Pajero ndi ma Isuzu KB muli dandaulo lina losatha: mabuleki akugwira ndithu, koma pokhapokha dalaivala atachita kuimirira pa chopondera. Kawirikawiri wodandaulayo amakhala atataya kale ndalama. Mapadi anasintha, mafuta a mabuleki anakhetsa n'kuthira ena, mwina anagulanso master cylinder (chipangizo chokankha mafuta a mabuleki mukaponda), koma chopondera chikadali gwa. Galimoto ikamatsetsereka pa Chiweta kapena ku Khwekhwerere italemedwa ndi katundu, mtima umakhala m'mwamba.

Chisokonezo chimabwera chifukwa pakati pa phazi ndi tayala pali magawo awiri. Loyamba limachulukitsa mphamvu ya phazi, lachiwiri limanyamula mphamvuyo kukafika nayo ku matayala. Mapadi, ma caliper (zopanira mapadi ku matayala) ndi mafuta ndi za gawo lachiwiri. Pa dizilo, gawo loyamba lili ndi chipangizo chomwe galimoto zambiri za petulo zilibe, pampu ya vacuum, ndipo n'kumene ambiri amachedwa kuyang'ana.

Zomwe chopondera chimakuuzani

Mabuleki a galimoto zoterezi amayendera mafuta. Mukaponda, pisitoni ya mu master cylinder imakankha mafuta, mafutawo amadutsa m'mapaipi n'kukakankha mapisitoni a ku matayala. Zimatheka chifukwa mafuta safinyika: mukawapanikiza mbali ino, mphamvu imakatulukira mbali inayo. Mfundoyi anailongosola ndi Blaise Pascal wa ku France m'zaka za m'ma 1600. Malcolm Loughead wa ku America ndiye anaibweretsa pa galimoto, ndipo Duesenberg Model A ya 1921 inali yoyamba kugulitsidwa ili ndi mabuleki amafuta pa matayala onse anayi.

Chopondera chikakhala chofewa, chikulowa kwambiri, ndipo chikulimba mukapopa kangapo, m'mapaipi muli mpweya, kapena mafuta awira. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi: a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma akamwa chinyezi malirewo amatsika mpaka cha pa 155. Chopondera chikamatsika pang'onopang'ono phazi lili pomwepo, mphira za mu master cylinder zikudutsitsa mafuta, kapena penapake pakudontha. Koma chikakhala chili pamwamba, cholimba, chosalowa, galimoto n'kumaima monyinyirika, mafuta alibe mlandu. Phazi latsala lokha, womuthandiza wathawa.

Vacuum

Mpweya umene tikupumawu umalemera. M'mphepete mwa nyanja zamchere umapanikiza chinthu chilichonse ndi mphamvu ya 101 kPa, yomwe ndi pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita iliyonse. Sitiumva chifukwa umakankha mbali zonse mofanana. Evangelista Torricelli wa ku Italy anaupima mu 1643 pogwiritsa ntchito paipi yagalasi yodzaza ndi mekyule, ndipo mpweya unakwanitsa kuimika mekyuleyo pa msinkhu wa mamilimita pafupifupi 760, kapena mainchesi 30. N'chifukwa chake mpaka lero geji ya vacuum imalembedwa mmHg kapena inHg, kutanthauza mamilimita kapena mainchesi a mekyule. M'zaka za m'ma 1650, Otto von Guericke, meya wa mzinda wa Magdeburg ku Germany, anavundikiritsa mbale ziwiri zamkuwa, n'kupopa mpweya wonse wam'kati. Akavalo anakoka mbali zonse ziwiri koma analephera kuzilekanitsa. Atangotsegula kampopi kuti mpweya ulowe, mbalezo zinamasuka zokha.

Vacuum ndi malo omwe mpweya wachepetsedwa kuposa wakunja. Payokha sikoka kanthu. Wogwira ntchito ndi mpweya wakunja. Taganizirani chitseko chomwe amuna awiri amphamvu zofanana akuchikankha, wina mkati, wina kunja. Sichisuntha. Mukachotsa wamkatiyo, chitseko chimapita ndi mphamvu yonse ya wakunja uja. Kupopa vacuum n'kuchotsa munthu wamkati.

Booster

Mukatsegula boneti, kuseri kwa master cylinder kuli chitini chakuda chozungulira chomamatira ku khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Imeneyo ndi booster, ena amati servo. Mkati mwake muli nembanemba ya mphira yomwe imagawa chitinicho zipinda ziwiri. Musanaponde, zipinda zonse zimakhala ndi vacuum yofanana, ndiye nembanembayo imangokhala phee. Mukaponda, valavu ya mkati imatseka njira yolumikiza zipindazo n'kutsegulira mpweya wakunja kuti ulowe m'chipinda chakumbuyo, kudzera pa kasefa komwe kali cha ku chopondera. Mpweyawo umakankha nembanemba, nembanemba imakankha kandodo kolowa mu master cylinder. Mukachotsa phazi, mpweya umene unalowa uja uyenera kupopedwanso kuti booster ikonzekere kuponda kotsatira.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Nembanemba ya mainchesi 9, kapena masentimita 23, ili ndi malo okwana masikweya sentimita pafupifupi 415. Kusiyana kwa mpweya m'zipinda ziwirizo kukakhala 70 kPa, nembanembayo imakankha ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 300. Vacuum ikafooka n'kutsala 30 kPa, thandizolo silifika ndi makilogalamu 130 omwe. Otsalawo ayenera kuchokera m'mwendo wa dalaivala. Ma 4x4 ambiri ali ndi nembanemba ziwiri zotsatana m'chitini chimodzi, chifukwa galimoto yolemera matani awiri kapena atatu imafuna thandizo lalikulu.

Njira imeneyi inatchuka ndi Albert Dewandre, injiniya wa ku Liège m'dziko la Belgium, ndipo kampani ya Bosch inayamba kupanga mabuleki a mtundu wake mu 1927. Inakhala yofunika kwambiri pamene ma disc anayamba kulowa m'malo mwa ma drum, chifukwa drum imadzithandiza yokha kugwira ikamazungulira, pomwe disc imadalira mphamvu imene mwaipatsa basi.

Booster imafa m'njira zodziwika. Nembanemba ikang'ambika kapena valavu ya mkati ikatha, mumamva kulira kwa mpweya, tsii, cha ku mapazi. Nthawi zina master cylinder imadonthera chakumbuyo, mafuta a mabuleki n'kumalowa m'chitinimo. Mafuta amachepa m'kathanki koma pansi osaoneka dontho. Komabe booster ndi chipangizo chokhalitsa, ndipo imanamiziridwa kawirikawiri kuposa momwe imalakwira.

Chifukwa chake dizilo imafuna pampu

Injini ya petulo imachepetsa kapena kuwonjezera mphamvu potsekereza mpweya. Pa khomo la manifold, paipi yogawira mpweya ku masilinda, pali kambale kotchedwa throttle. Phazi likachoka pa mafuta kambaleko kamatseka, mapisitoni n'kumayamwa pa malo otsekeka. Mu manifold mumabadwa vacuum ya 17 mpaka 21 inHg, yaulere, ndipo opanga galimoto amangolumikiza paipi kupita ku booster.

Injini yomwe Rudolf Diesel anailiza bwinobwino mu 1897 siyendera zimenezo. Mpweya umalowa momasuka nthawi zonse, ndipo mphamvu imasintha ndi kuchuluka kwa mafuta othiridwa mu silinda. Mu manifold mulibe vacuum yodalirika. Ngati pali turbo, mumakhala mpweya wopanikizika kuposa wakunja. Ma dizilo amakono ali nako kambale ka pa khomo, koma ntchito yake ndi ya EGR (kubwezera utsi wina mu injini) ndi kuzimitsa injini mosagwedeza, osati mabuleki. Choncho dizilo imakhala ndi pampu yakeyake ya vacuum.

Malo a pampuyi amasiyana, ndipo kuwadziwa kumafupikitsa ntchito. Pa injini za Toyota 2L, 3L ndi 5L, pa Isuzu 4JA1 ndi 4JB1, ndi pa Mitsubishi 4D56 yakale, pampu imakhala kumbuyo kwa alternator ndipo imazungulira ndi shafuti ya alternator yomweyo. Mukaona alternator yokhala ndi mapaipi a oilo, musadabwe, ndi a pampu. Land Rover Td5 nayonso pampu yake ili pa alternator. Pa Toyota 1HZ, injini ya malita 4.2 yomwe yakhala mu Land Cruiser 70 kuyambira 1990, pa 1KZ-TE, 1KD ndi 2KD, komanso pa Mitsubishi 4M40, pampu imayendetsedwa ndi magiya a injini. Pa Land Rover 300Tdi ya 1994 imakankhidwa ndi camshaft, ndipo imadziwika ndi chivundikiro chake chomwe ma rivet ake amamasuka, n'kumataya oilo ndi vacuum yomwe.

Zambiri mwa pampuzi ndi za timasamba. Mkati muli chozungulira chomwe sichinakhale pakati penipeni. Chikamazungulira, timasamba timatuluka m'mipata yake n'kumasesa khoma la pampu, kutenga mpweya mbali imodzi n'kukautaya mu injini. Oilo wa injini ndiye amafewetsa timasambato ndi kutseka timipata. Apa ndi pomwe mabuleki amakumanirana ndi chinthu chooneka ngati sichikuwakhudza: kuchedwa kusintha oilo. Oilo wakuda, wa mwaye, amatseka kapaipi kopyapyala kopita ku pampu ndipo amadya timasamba. Pa pampu za pa alternator palinso misampha iwiri. Lamba akamatererera, pampu imazungulira mofooka. Mano a kumapeto kwa shafuti akatha, alternator imatchaja bwinobwino koma pampu osazungulira konse. Ndipo alternator ikapita kwa okonza zamagetsi, iwo amayesa ngati ikutchaja. Za pampu si nkhani yawo.

Pampu yotopa ili ndi khalidwe lake. Kuponda koyamba kumakhala bwino, chifukwa pampu inali ndi nthawi yodzaza nkhokwe ya vacuum mu booster. Kwachiwiri kumalemerako. Kwachitatu, gwa. Zimaonekera kwambiri injini ikamalira pang'onopang'ono: poimika galimoto pa malo othina, pobwerera chambuyo, pa mzere wa magalimoto m'tauni, kapena potsika njira yokhotakhota ngati ya Gorodi yochokera ku Livingstonia, komwe phazi silichoka pa buleki. Kutsika ndi giya yaing'ono kumathandiza pawiri: injini imagwira galimoto, pampu nayo imazungulira mofulumira. Amene amazimitsa injini pa mtsetse pofuna kupulumutsa dizilo amakhala atazimitsanso pampu. Vacuum yotsala mu booster imangokwana kuponda kawiri kapena katatu.

Paipi, valavu ndi ena odyera pa mzere womwewo

Pakati pa pampu ndi booster pali paipi yolimba yosaphwatalala, komanso valavu yolola mpweya kupita mbali imodzi yokha, kuchokera ku booster kupita ku pampu. Valavu imeneyi ndi yomwe imasunga vacuum injini ikazima. Pa galimoto zina ili pa booster penipeni, pa zina ili pa pampu, pa zina yabisidwa mkati mwa paipi. Yobisikayi imapusitsa: munthu amachotsa paipi yakale n'kuikapo paipi wamba, osadziwa kuti wataya valavu, kapena amaibwezera mozondotsa. Paipi wamba ya mafuta kapena ya madzi imathanso kuphwatalala ikatentha, kunja ikuoneka bwinobwino.

Pa 4x4 pampu imodzimodziyo imadyetsanso zipangizo zina. Valavu ya EGR imayendera vacuum pa injini zambiri. Ma Hilux ndi ma Surf ena amalumikiza ekiselo yakutsogolo ndi vacuum, chimodzimodzinso Pajero ya Super Select. Pa injini zina vacuum imayendetsa turbo, pa galimoto zina imathandiza kilatchi. Chilichonse chili ndi timapaipi take topyapyala, ena odutsa pansi pa galimoto komwe kuli matope, miyala ndi zitsa. Kapaipi kamodzi kakang'ambika cha ku difu yakutsogolo, pampu imakhalira kupopa mpweya wosatha. Galimoto yomwe nyali yake ya 4WD ikuphethiraphethira pa nthawi yomwe buleki yayamba kulemera ikukulozerani komwe mungayambire.

Kuyesa, kuyambira ndi phazi

Mayeso oyamba safuna chida. Injini ili chizimire, pondani buleki kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mpaka ilimbe. Gwirani chopondera ndi phazi, lizani injini. Chopondera chiyenera kutsika pang'ono pansi pa phazi lanu. Chikapanda kutsika, thandizo palibe; chikatsika mochedwa, vacuum ikubwera movutikira. Kenako lolani injini ilire mphindi imodzi kapena ziwiri, zimitsani, dikirani pang'ono, pondani katatu mosathamanga. Koyamba chiyenera kulowa kwambiri, kenako chizikwera. Chikalimba pa kuponda koyamba komwe, vacuum yathawa: valavu kapena booster ikutaya. Pomaliza, pondani injini ikulira, izimitseni phazi lili pomwepo, ndipo gwirani masekondi 30. Chopondera chikamakankha phazi kubwerera, booster ikutaya ikakhala pa ntchito.

Mayeso amenewa amangonena kuti vuto lilipo. Geji ya vacuum ndiyo imaloza pomwe lili. Yambani pa kamwa pa pampu, mapaipi ena onse mutawachotsa. Pampu yabwino imakweza singano kupitirira 20 inHg, kapena 500 mmHg, m'masekondi ochepa, ndipo zambiri zimafika cha pa 25 kapena kuposa. Liwiro la singano n'lofunika ngati nambala yomwe: pampu yomwe ikufika pa 22 patatha theka la mphindi ndi yotopa, ngakhale nambalayo ikuoneka yabwino. Pampu ikapambana, bwezerani paipi, yesani kumapeto kwake cha ku booster. Kusiyana kukakhala kwakukulu, vuto lili pa njira. Tsekani timapaipi ta nthambi kamodzikamodzi, mukuyang'ana singano. Kamene mukakatseka singano n'kukwera, ndi komweko.

Booster ndi yomalizira. Lumikizani geji pakati pa valavu ndi booster, lizani injini mpaka singano ikwere, zimitsani. Mabuku okonzera galimoto zambiri za ku Japan amalola kutsika kosapitirira 25 mmHg m'masekondi 15. Dongosololi lili ndi chifukwa: mukayambira ku booster mumagula chipangizo chodula n'kuchipatsa vacuum yofooka yomwe ija. Geji ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi booster, koma m'magalaja ambiri ndi chida chosowa.

Kukwera kwa malo

Popeza wokankha chitseko ndi mpweya wakunja, mphamvu yake imachepa mukamakwera mapiri. Pa mamita 1,000, msinkhu wa Lilongwe ndi Blantyre, mpweya uli cha pa 90 kPa; pa mamita 2,000, omwe malo ambiri a pa Nyika amapitirira, uli cha pa 80. Geji imatsika pafupifupi 1 inHg pa mamita 300 aliwonse. Pampu yoonetsa 26 inHg ku Nsanje ionetsa cha pa 23 ku Lilongwe popanda chovuta chilichonse. Galimoto yabwino siimva kusinthaku kwenikweni, koma ya pampu yotopa imatha kuyenda bwino ku chigwa n'kukaonekera poyera pa phiri.

Pamene vacuum ili bwino koma galimoto siima

Zilipo zinthu zina zomwe zimafuna mwendo wamphamvu booster ili bwinobwino. Mapadi otsika mtengo kapena opsa amawala ngati galasi ndipo sagwira. Mapisitoni a caliper amachita dzimbiri galimoto ikamawoloka mitsinje. Ma caliper akutsogolo a Hilux ndi Land Cruiser ambiri ali ndi mapisitoni anayi, ndipo awiri akhoza kuuma ena akugwirabe. Matayala aakulu kuposa a ku fakitale amachepetsa mphamvu ya mabuleki pa msewu. Ma pickup ambiri akale ali ndi valavu kumbuyo yomwe imapima kulemera kwa katundu poona momwe galimoto yakhalira pansi; mukakweza masipuling'i osaisintha, imayesa kuti galimoto ilibe katundu, n'kumamana mabuleki akumbuyo. Kandodo ka pakati pa booster ndi master cylinder nako kali ndi muyeso wake, ndipo kakatalika mabuleki amagwira okha.

Palinso ma 4x4 omwe mabuleki awo sadalira vacuum n'komwe. Pajero ya m'badwo wachitatu, yomwe inafala kuyambira cha mu 2000, pamodzi ndi ma Land Cruiser 100 ndi ma Prado 120 ambiri, ali ndi mota yamagetsi yomwe imapopa mafuta a mabuleki kulowa m'kabotolo kachitsulo kokhala ndi mpweya wa nayitirojeni. Kabotoloko kakatopa, mota imalira pafupipafupi kapena nthawi yaitali, nyali zimayaka ndipo belu limalira. Mafuta ake amakhala opanikizika koopsa, choncho asanamasule kalikonse makaniko ayenera kuponda buleki kambirimbiri kiyi ili yozimitsa, monga buku la galimotoyo linenera. Ma pickup akuluakulu a dizilo a ku America amagwiritsa ntchito njira ina, ya Hydro-Boost, yomwe imatenga mphamvu ku pampu ya chiwongolero.

Mafunso omwe amakaniko sagwirizana

Pampu ikatha, kodi ndi bwino kuisintha timasamba, kugula yatsopano yosakhala ya kampani yopanga galimotoyo, kapena kugula yochotsedwa pa injini ina? Okonda kukonza amati timasamba ndi totchipa ndipo thupi la pampu silitha msanga. Otsutsa amati khoma lam'kati likakandika, timasamba tatsopano sitikhalitsa. Yogwiritsidwa kale ntchito ndi yeniyeni, koma palibe amadziwa oilo amene inamwa.

Funso lina ndi la pampu yamagetsi. Galimoto zambiri zamakono zimatuluka nayo ku fakitale, ndipo ena amaiika pa dizilo yakale m'malo mwa pampu ya pa injini kapena moithandizira. Imapopa mofanana kaya injini ikulira pang'ono kapena kwambiri. Koma imaika mabuleki m'manja mwa fyuzi, waya ndi switch, pa galimoto yomwe imalowa m'madzi ndi m'fumbi. Kodi yokwanira galimoto yaing'ono ingakwanire booster ya nembanemba ziwiri pa mtsetse wautali?

Ena amachotsa booster n'kuikapo yaikulu ya galimoto ina. Chopondera chimapepuka, koma mgwirizano wa mabuleki akutsogolo ndi akumbuyo unawerengedwa ndi booster yakale, ndipo pa galimoto yopanda ABS (chipangizo choletsa matayala kumangika) matayala akhoza kumangika msanga pa msewu wadothi. Enanso amatseka timapaipi ta EGR kapena ta ekiselo kuti vacuum yonse ipite ku mabuleki. Kutayako kumatha, koma utsi umasintha ndipo 4WD ikhoza kusiya kulowa.

Ngakhale malire enieni a pampu yofooka sanakhazikike pa nambala imodzi. Ena amati 18 inHg ndi yokwanira, ena safuna yochepera 22, ndipo mabuku a makampani amapima pa liwiro losiyanasiyana la injini. Izi zimakhudzanso kayesedwe ka galimoto kuti ipatsidwe COF: mayeso alionse ongoona kuima kamodzi akhoza kupambanitsa galimoto ya pampu yotopa, popeza kuponda koyamba kumadya za m'nkhokwe. Kodi galimoto ya dizilo iziyesedwa ndi kuponda kangati motsatizana, ndipo pampu ipatsidwe masekondi angati kuti ibwezere vacuum?